Miyezi 11 ndi Toyota 86: Khwekhwelere, mahampu ndi rimu lopindika

Amalume ataiona koyamba anaizungulira kawiri, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga thumba la chimanga muziliika pati?" Papita miyezi 11 chiigulireni, yankho ndilibebe.

Ndi Toyota 86 ya 2013, yamagiya 6 apamanja, yomwe ndinaitanitsa ku Japan n'kulowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Injini yake ndi ya malita 2, yopangidwa ndi a Subaru, ija mapisitoni ake amagona chammbali, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Mphamvu yake ndi horsepower 200, koma imabisala kumwamba, injini ikamazungulira cha pa maulendo 7,000 pa mphindi (rpm). Ukamaiyendetsa mwaulesi imakhalanso yaulesi. Pa M1 pamene pali poongoka, palibe chodzitamira nacho. Galimoto iyi imadzuka msewu ukayamba kukhotakhota.

N'chifukwa chake Loweruka lambiri ndimanyamuka ku Lilongwe kusanache, kupitirira Dedza, n'kukhotera pa Masasa kutsetsereka msewu wokhotakhota wapaphiri wa Khwekhwelere mpaka ku Golomoti. Mpando wa galimotoyi uli pansi kwambiri moti umakhala ngati wakhala pamphasa, ndipo poti injiniyo ndi yogona, kulemera konse kuli pansipansi. Ukalowa pakona siipendekeka ngati mmene imachitira pikapu. Chiwongolero chimakuuza zonse m'manja: apa pali timiyala, apa phula lasalala, apa tayala layamba kutaya mtima.

Ulendo woyamba ndinachita zachibwana. Ndinatsika theka la phirilo phazi lili pabuleki, mpaka fungo lopserera linalowa m'kati, buleki n'kufewa ngati ndaponda nsima. Ndinaima paja amagulitsa tigalimoto ndi tinjinga tosema tija. Bambo wina wosemasema ananunkhiza m'mwamba, n'kunena mosakweza mawu kuti, "Achimwene, phiri ili timatsika ndi giya." Ndinagula kathirakitala kamodzi chifukwa cha manyazi. Chiyambire tsiku limenelo ndimatsika pa giya 2 ndi 3, ndipo mafuta a mabuleki ndinasinthiratu sabata yomweyo.

Kukoma kwenikweni kuli pobwerera, pokwera. Umachepetsa liwiro kona isanafike, kugwetsa giya, kulowa modekha, ndiye ukangoona potulukira n'kuponda moto, injini ikulira m'mapirimo. Ukaima pamwamba n'kucheuka, chigwa chonse chili poyera mpaka kunyanja.

Komatu msewuwu si wanga ndekha. Kuseri kwa kona iliyonse kutha kukhala munthu akukankha njinga ya matumba atatu a makala, mbuzi zitagona paphula, minibasi yodya mbali yako, kapena lole yofa yomwe chizindikiro chake ndi nthambi ziwiri zoponyedwa pamsewu. Ndiye ndinadziikira lamulo: liwiro langa lizikhala loti nditha kuima pamene maso akuthera. Tsiku lina mvula itakokolera mchenga pakona, kumbuyo kunagwedezeka kufuna kupitirira kutsogolo, kanyali ka traction control, makina oletsa matayala kuterereka, n'kuphethira, galimoto n'kuwongoka. Anyamata ena amati kabatani ka makina amenewa uzikazimitsa kuti umve kukoma. Ine sindikakhudza.

Zowawa zilipo, ndipo zambiri n'zamsewu. Mimba ya galimotoyi yatalikira pansi ndi masentimita 13 okha, choncho hampu iliyonse ndimaikwera chopingasa ngati nkhanu, a kabaza akundiimbira mabelu kumbuyo. M'mwezi wachisanu dzenje lina usiku linapinda rimu n'kutupitsa tayala m'mbali. Rimu anandiwongolera m'tauni momwemo, koma tayala la 215/45 R17 lamtundu wofanana ndi anzake ndinalidikira masabata atatu kuchokera ku Johannesburg. Thanki ndi ya malita 50, ndipo petulo akasowa, kuima pamzere tsiku lonse kuti ukawotchere paphiri kumakuchititsa manyazi ndithu. Mipando yakumbuyo ndi ya chikwama basi. Kumudzi, kwa msewu wafumbi kuja, ndimabwereka ya mayi akunyumba.

Mwezi watha mnzanga wina anati tisinthane ndi double cab yake, andiwonjezere kenakake. Mayi akunyumba anavomera ndisanayankhe n'komwe. Ndinapempha kuti ndiganize kaye, ndipo Loweruka lotsatira ndinatenga amalume kukawatsitsa Khwekhwelere. Njira yonse anagwira chitseko osayankhula. Titafika pa Golomoti anatsika, anawongola msana, n'kufunsa ngati pobwerera tidzeranso momwemo.