Ultrasound, X-ray kapena CT: iti imauona mwala wa mu impso?

Anzanga akhala akundifunsa kuti ululu wa m'nthiti wotsikira kuchinena ukawagwira, ajambulitse ndi makina ati. Ine ndimati CT, makina a X-ray ojambula m'kati mwa thupi m'magawomagawo, dokotala akavomereza.

X-ray nkhani yake ndi yaifupi. Imaona miyala ya calcium, imene ndiyo yochuluka, koma ya uric acid siioneka n'komwe. Ntchito yake yeniyeni ndi kulondola mwala wodziwika kale ngati wasuntha.

Ultrasound ndiyo ndili nayo kukhosi. Zabwino zake sindikana: ilibe radiation (cheza cha makina ojambulira chimene chikachuluka chingavulaze thupi), n'chifukwa chake amayi oyembekezera ndi ana amayambira pamenepo, ndipo impso ikatupa chifukwa mkodzo watsekeka, imaonetsa bwino. Vuto ndi kanjira kopyapyala kochokera ku impso kupita ku chikhodzodzo. Mwala ukakakamira pakati pa kanjirako, mpweya wa m'matumbo umauphimba. Ine anandipaka mafuta ozizira aja pamimba, anayendetsa kachipangizo uku ndi uku, n'kulemba kuti mwala sunaoneke. Ndinabwerera kunyumba ndikusanza, kugona kosatheka, kukhala pansi kosatheka, mkodzo uli wofiirira. CT itajambula, mwala unali momwemo m'kanjira muja. Ndinalipira kawiri, ndipo palibe anandiuza poyamba kuti "sunaoneke" sizitanthauza kuti palibe. Zimenezi zimandiwawabe.

China, ultrasound imakonda kukulitsa mwala kuposa mmene ulili. Musachione chopepuka chimenechi, pakuti chithandizo chimadalira kukula kwake. Mwala wosakwana mamilimita 5 kawirikawiri umatuluka wokha ndi mkodzo, pamene woposa mamilimita 10 nthawi zambiri umafuna kuphwanyidwa kapena kuchotsedwa. Muyeso ukalakwika, munthu akhoza kuda nkhawa ndi opaleshoni imene sakufunikira.

CT ya miyala safuna kukubayani mankhwala oonetsa ziwalo, ndipo imatha m'mphindi zochepa. Imaona pafupifupi mwala uliwonse, pamene wakhala, kukula kwake, ngakhale kulimba kwake, kumene pa lipoti amalemba ndi manambala a HU. Ndi yodula, inde, ndipo radiation yake ndi yambiri kuposa ya X-ray, choncho amene miyala imawabwererabwerera afunse za CT ya mlingo wochepa wa radiation, osati kujambulitsa nthawi iliyonse.

Koma ululuwo ukabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo wasiyiratu kutuluka, musasankhenso makina. Impso yotsekeka ikalowa tizilombo, matendawo amafalikira m'magazi msanga. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.