Fyuluta ya mpweya pa Mercedes-Benz, BMW ndi Range Rover: Mann-Filter kapena K&N?

Kuti injini ya petulo iwotche lita imodzi ya mafuta, imakoka mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Mpweya wonsewo umadutsa pa kanthu kamodzi kopindapinda kamene eni galimoto ambiri sakakumbukira n'komwe, mpaka tsiku limene galimoto yayamba kulemera pokwera chitunda. Pano tikuyerekeza mitundu iwiri imene eni magalimoto apamwamba amafunsa kawirikawiri: fyuluta ya pepala ya Mann-Filter, pamodzi ndi zinzake za Mahle ndi Hengst, ndi fyuluta yochapika ya K&N, yansalu ya thonje yonyowetsedwa ndi mafuta. Tineneretu kuti pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku, ya pepala ndiyo yoyenera.

Mann-Filter imapangidwa ndi kampani ya MANN+HUMMEL ya ku Ludwigsburg, m'dziko la Germany. Kampaniyi, Mahle ndi Hengst ndi ena mwa amene amapangira mafyuluta mafakitale a magalimoto a m'dzikolo, kotero si zachilendo kutsegula bokosi la mpweya la BMW imene sinakhudzidwepo n'kupeza dzina la imodzi mwa izi pafupi ndi nambala ya BMW. Ukaitenga m'manja, ntchito imadzionetsa yokha. Mapindo a pepala ndi ofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo pa mitundu yambiri pamadutsa mizere ya guluu imene imagwira mapindowo kuti asaphatikizane injini ikakoka mpweya mwamphamvu. Pepalalo analinyika mu utomoni kuti lisalefuke ndi chinyezi. Zina zimabwera ndi kansalu koyera kuchokera mbali yolowera mpweya, kogwira fumbi lalikulu lisanafike pa pepala.

Koma chimene timayamikira kwambiri pa fyulutayi ndi labala wa m'mphepete. Mudinikizeni ndi chala chachikulu: amalowa mofewa n'kubwerera nthawi yomweyo, osasiya chibowo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Fyuluta ikhoza kukhala ndi pepala labwino chotani, koma ngati m'mphepete mwatsala kampata kolowa chikhadabo, mpweya umasiya njira yovuta n'kudzera pamenepo ndi fumbi lake lonse. Fumbi la mumsewu lili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo cha zipangizo zambiri za mu injini. Limayamba ndi sensa yoyeza mpweya, ija amati MAF, kenako limafika pa mapiko a turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) amene amazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi, n'kumawadya m'mphepete mpaka kukhala ngati mpeni wobuntha. Lotsalalo limalowa m'masilinda. Injini zambiri za magalimoto a mtundu uwu zilibe masilinda achitsulo wamba oti akakandika n'kungowabowola. Zina n'za aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni, monga Alusil, zina zili ndi kachitsulo kopyapyala kochita kupoperamo. Zikakandika, injini imayamba kumwa oilo, ndipo kukonza kwake ndi ntchito yotsitsa injini yonse.

K&N ndi kampani ya ku California imene inayamba mu 1969, ndipo inatchuka kudzera m'mipikisano ya njinga zamoto ndi magalimoto. Fyuluta yake ndi nsalu za thonje zingapo zosanjikiza, zopanidwa pakati pa mawaya awiri, ndipo chimene chimagwira fumbi kwenikweni ndi mafuta ofiira aja. Ndi yopangidwa mwaluso, siiwonongeka msanga, ndipo kampaniyo inkanena kuti pa misewu yabwino ikhoza kuyenda mamailosi 50,000, kapena kuti makilomita pafupifupi 80,000, isanafune kuchapidwa. Mpweya umadutsadi mosavuta kuposa pa pepala. Funso n'lakuti kodi injini yanu inali kusowa mpweya? Opanga magalimoto amenewa amaika mafyuluta aakulu kale, ndipo ambiri a injini za masilinda asanu ndi atatu (V8), monga BMW N63 ndi Range Rover ya malita 5.0, ali ndi awiri. Pa injini yosasinthidwa, mphamvu yowonjezereka ndi yochepa kwambiri moti phazi la dalaivala silingaizindikire.

Iyang'anitseni fyuluta yansaluyi ku nyali ndipo muona timadontho ta kuwala tikudutsa pa nsalu. Mafyuluta amayesedwa ndi muyezo wa ISO 5011, umene umaona zinthu zitatu: kuchuluka kwa fumbi limene fyuluta yagwira, kuchuluka kumene ingasunge isanatsekeke, ndi mmene ikutchingira mpweya. Manambala a pa bokosi amanyenga maso chifukwa onse amaoneka oyandikana. Mwachitsanzo, fyuluta yogwira 99.5 peresenti ndi ina yogwira 98.5 peresenti zimaoneka ngati n'zofanana, komatu yachiwiriyo ikulowetsa fumbi lochuluka katatu. Muziwerengera limene ladutsa, osati limene lagwidwa.

Vuto lina limabuka pa kuchapa koyamba. K&N imakana kuti mafuta ake amafika pa sensa, ndipo kunena zoona, yatsopano yochoka kufakitale siivutitsa kawirikawiri. Koma munthu akaichapa yekha, dzanja limalemera pothira mafuta. Sensa ya MAF imayeza mpweya pogwiritsa ntchito kachipangizo kotenthetsedwa ndi magetsi. Kakakutidwa ndi mafuta ndi fumbi, kamauza kompyuta ya galimoto kuti mpweya walowa wochepa. Zotsatira zake ndi injini kunjenjemera galimoto itaima, kuzengereza mukaponda, magiya a otomatiki kusintha mwaukali, ndi nyali ya injini kuyaka. Pa makina oyezera galimoto mumapeza nambala ya vuto P0101, kapena P0171 ndi P0174 zosonyeza kuti petulo akuchepa mbali zonse ziwiri za injini. Amene wasankhabe K&N atsate ndondomeko mosadumpha: apopere mankhwala ake ochapira, adikire mphindi 10, atsukuluze ndi madzi osathamanga kuchokera mbali yoyera kupita mbali yakuda, aisiye iume yokha, kenako athire mafuta pamsonga pa pindo lililonse kamodzi kokha n'kudikira mphindi 20 kuti afalikire. Galimoto yokonzedwera mpikisano, imene injini yake imatsegulidwa pafupipafupi, ingapindule nayo. Yonyamula banja ayi.

Pali chikhulupiriro chakuti fyuluta yakuda imamwetsa mafuta ambiri. Zinali choncho pa magalimoto akale a kabuleta. Kafukufuku wa mu 2009 wa Oak Ridge National Laboratory, malo ofufuzira za sayansi a boma la America, anapeza kuti pa magalimoto a petulo oyendetsedwa ndi kompyuta, fyuluta yotsekeka imachepetsa liwiro lonyamukira koma siisintha kwenikweni kamwedwe ka mafuta, chifukwa kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya umene walowa. Choncho musadikire kuti geji ya mafuta ikuuzeni. Tsatani buku la galimoto yanu. Opanga ambiri amalemba pakati pa makilomita 30,000 ndi 60,000, ndipo m'misewu yafumbi dulani nambalayo pakati. Kuipopera fyuluta yakale mpweya wa kompuresa n'kuibwezeramo ndi chizolowezi chimene chaononga injini zambiri, chifukwa kumang'amba ulusi wa pepala m'malo osaoneka ndi maso.

Pogula, perekani nambala ya VIN, nambala ya chesisi ya zilembo ndi manambala 17 ija, osangotchula mtundu ndi chaka, pakuti magalimoto ooneka ofanana amakhala ndi injini zosiyana. Onetsetsaninso kuti sanakupatseni fyuluta ya mpweya wa m'kati mokhala anthu, imene ndi chinthu china. Zachinyengo zilipo zambiri ndipo mabokosi ake amafanana ndi enieni. Zimagwidwa pa labala wouma ngati pulasitiki, mapindo ochepa otalikirana, guluu wosefukira, ndi zilembo zofufutika ndi chala.

Kusintha kwenikweniko sikudutsa theka la ola. Zimitsani injini, chotsani kiyi, ndipo dikirani kuti izizire. Pa Mercedes-Benz ya injini za M272 ndi M273, bokosi la mafyuluta ndi lomwe lija lavundikira pamwamba pa injini. Chotsani mapaipi awiri a kutsogolo, kokerani bokosilo m'mwamba, mulitembenuze pa tebulo, ndipo mumasule tizomangira ndi chomasulira cha msonga ya nyenyezi cha Torx T25. Mafyuluta ndi awiri, ndipo amasinthidwa limodzi nthawi zonse. Pamene bokosi lachoka, khomo lolowera mpweya mu injini limakhala pululu. Liphimbeni ndi nsalu yoyera, ndipo ikani kiyi wa galimoto pafupi ndi nsaluyo kuti musalize injini isanachotsedwe. Kokani mchenga ndi masamba a m'bokosi ndi makina okokera fumbi, mupukute ndi nsalu yonyowa pang'ono, kuyambira mbali yoyera. Ngati pansi pa bokosi pali kalabala kotulutsira madzi, kafinyeni kuti muone ngati sikanatsekeke.

Ikani yatsopano pafupi ndi yakale muone kutalika, makona ndi kukhuthala kwa labala. Iyenera kukhazikika yokha popanda kuikakamiza, ndipo chivundikiro chitsekeke musanayambe kumanga. Tizomangira timeneti timaluma pulasitiki, choncho zungulizani kaye chobwerera mpaka mumve kuti kagwera m'njira yake yakale, kenako mumange modumphitsa makona, ndi dzanja, osati ndi makina. Pulasitiki yakhala pa kutentha zaka zambiri imasweka msanga, ndipo kona imodzi yosagwira ndi khomo la fumbi. Pobwezera bokosi pa injini, dinikizani kumbuyo mpaka labala wake akhale bwino pa sensa ya MAF. Akapindika pamenepo, mpweya wosasefedwa umalowa molunjika. Sensayo musaikhudze ndi chala kapena nsalu. Ikafuna kutsukidwa, pali mankhwala ake opopera, ndipo iume kaye isanabwezeredwe.

Lembani makilomita ndi tsiku m'buku la galimoto. Pakatha makilomita ngati 1,000, masulani paipi ya kuseri kwa fyuluta, mupititsemo nsalu yoyera. Ikatuluka yoyera, fyuluta yakhala bwino. Ikatuluka ndi fumbi lomveka ngati mchenga pakati pa zala, tsegulaninso bokosi muyang'ane labala, tizomangira ndi paipiyo ngati yang'ambika m'mapindo ake.