Kasikelo ka dijito ka makilogalamu 5 m'kalasi ya masamu

Pophunzitsa ana a Sitandade 5 kuganiza mozama, kasikelo ka kukhitchini aka kamaposa sikelo yopachika ya makilogalamu 50, yomwe mizere yake imadumpha magalamu 200 ndipo siiona kusiyana kwa milu ya tomato.

Ikani mbale, dinani batani la "tare" kuti kabwerere pa 0, kenako ana ayeze milu iwiri: wina wa magalamu 600 pa K900, wina wa magalamu 750 pa K1,000. Wotchipa ndi uti? Ambiri amathamangira wa K900. Musawauze yankho. Atsutsane mpaka apeze okha mtengo wa magalamu 100, womwe ndi K150 ndi pafupifupi K133.

Zofooka zilipo. Pa desiki yogwedera manambala sakhazikika, mabatire akafooka kamanama, ndipo thumba la chimanga lingakathyole.