Penti wopopera wa chrome, miyezi itatu yatha ndiye nazi zomwe ndaona

Ndikumupatsa nyenyezi 3 pa 5, ndipo zitatuzo wazipeza chifukwa cha timaringi ta ma vent (potulukira mphepo mgalimoto) basi.

Kagalimoto kanga ndi ka ex-Japan, ndinagula kwa munthu katayenda kale mokwanira misewu yathuyi. Injini ilibe vuto koma mkati munali mutatopa, makamaka tinthu tonyezimira tija timaoneka ngati zitsulo pomwe ndi pulasitiki wongokutidwa kachikopa kopyapyala. Handulo yotsegulira chitseko cha dalaivala inali itayamba kusupuka, ndipo amene zinakuchitikiraniko mukudziwa kuti kachikopako kakatukuka kamathwa ngati lezala, tsiku lina kanandicheka chala ndikutsika pa filling station, magazi chuchuchu anthu akuona. Nde ndinati basi zakwana.

Chitini cha 400ml ndinagula pa hardware ina ku Malangalanga. Chimene chinandikopa ndi chotsekera chake, waliwali ngati kalilole mpaka kudziona mano. Abale musamagule penti poona chotsekera, zimene zili mkatimo sizifika pamenepo olo mutapopera bwanji.

Loweruka lina mu October ndinazula mahandulo awiri akutsogolo, timaringi tinayi ta ma vent ndi ringi yozungulira giya. Kakilipi kamodzi ndinathyola pozula ndi screwdriver, vuto langa limenelo, pulasitiki wakale safuna phuma. Ulendo woyamba ndinangopukuta ndi kansalu nkupopera, eee penti yense anachita timaenje timaenje ngati maso a usipa, kukana kugwira. Kani ndi polish uja anyamata a pa car wash amathira pa dashibodi kuti iziwala, muli silicone ndipo penti sagwirizana naye ngakhale pang'ono. Ndinadikira ziume, kupalanso zonse, kutsuka ndi sopo wa mbale kawiri, kenako sandipepa wa 600 ndi wa 800 ndikunyowetsa ndi madzi mpaka chala chizingotsetsereka. Pa handulo paja ndinachotseratu chikopa chonse chakale chifukwa ukasiya mphepete imaonekera pansi pa penti.

Apa nde ndinayamba kuchita mwadongosolo. Primer wa pulasitiki kaye, penti woyambirira uja wothandiza kuti winayo agwire, kenako penti wakuda wowala uja, nkusiya tsiku lonse. Wakudayo musamudumphe, ndinayesa pa kachidutswa kena popanda wakuda ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu, chrome amawala bwino akagona pa chinthu chakuda chosalala. Popopera ndimatalikira mwina 25cm, kungodutsa mopepuka ngati nkhungu, kudikira pang'ono, kudutsanso. Ukathira wambiri ndi mtima woti ziwale msanga amayenderera komanso amasanduka wotuwa. Ndimapopera mu stoo chitseko chili chotsegula, pansi nditawaza madzi kuopa fumbi la October lija, ndipo valani mask chifukwa fungo lake limapweteketsa mutu.

Zitauma ndinasangalala zedi, sindinama. Si kalilole ayi, nkhope imaoneka mwa chimbuuzi, koma kuwala kwake ngati sefuliya yatsopano ya aluminiyamu yomwe sinakhalepo pa mbaula. Nditabwezeretsa mgalimoto mkati munasintha, madam mpaka anafunsa kuti ndagula zingati zatsopanozi, ine kungoseka.

Chimwemwe chinatha sabata ziwiri. Penti ameneyu safuna kugwidwa. Ukangoika chala chidindo chimatsala pomwepo ndipo ukati upukute ndi pamene ukuonjezera kuononga. Handulo ya dalaivala, yomwe ndimagwira kaya kangati pa tsiku ndi manja a thukuta, inayamba kuda mmphepete kenako yonse inangoti mbuu, zala nazo kumatuluka ndi kasiliva ngati ndagwira pensulo. Madam tsiku lina akupita ku tchalitchi anapukutira zala pa bulauzi yoyera, nkhani ya kugula zingati ija inathera pompo.

Ndinaganiza kuti nzeru ndi kuthira clear coat, penti wopanda mtundu uja, pamwamba kuti ateteze. Ndinayesa pa handulo ya mbali inayo yomwe inali idakali bwinoko. Ndikupopera chonchi ndikuona ndi maso anga kuwala kukuthawa, mphindi imodzi sinakwane, chinatsala ndi siliva wamba ngati malata. Nditawaonetsa akulu ena opopera magalimoto kwathu kuno anangoti, bwana mukanafunsa kaye, nkundifotokozera kuti mu penti ameneyu muli tizidutswa ting'onoting'ono ta aluminiyamu timene timayandama nkugona chafulati pamwamba penipeni, kuwala konse kumachokera pamenepo. Nde poti tili pamwamba popanda chotiphimba, chala chimatichotsa, ndipo clear akabwera amatinyowetsa nkutisokoneza magonedwe. Chrome wa ku fakitale ndi nkhani ina, amamatiza chitsulo chenicheni pa pulasitiki pogwiritsa ntchito magetsi, kopa pansi, nickel, kenako chrome pamwamba, za mchitini sizingafanane nazo. Chondinyasa nchakuti wogulitsa uja ndinamuuza kuti ndikufuna wa mahandulo, iye nkungoti ameneyu ndiye wake wake.

Koma timaringi ta ma vent tija mpaka lero tili bwinobwino, tadutsa kutentha konse kwa November galimoto ikukhala padzuwa tsiku lonse ku ntchito, sitinasupuke kapena kuchita matuza. Chinsinsi nchoti palibe amatigwira. Fumbi ndimachotsa ndi kabulashi kofewa ndipo pa car wash ndimachita kuimirira pompo kuwauza kuti aise pamenepo usapukute, amandiona ngati wovuta koma bola. Ringi ya pa giya ili pakatikati, mbali imene dzanja limakhudza ndikamasintha yafwifwa, mbali inayo ikuwala, ukayang'anitsitsa zimaoneka zoseketsa.

Mahandulo ndinawapalanso nkuwapopera wakuda wosawala kwambiri uja, ndipo akukhala bwino kuposa mmene ndimaganizira, zala zoyera, bulauzi ili pa mtendere. Chitini cha chrome chatsala pafupifupi theka, mwana wanga akuchilondalonda akuti akufuna apopere madigadi a njinga yake, ndamuuza adikire kaye mvulayi idule.