Miyezi 8 ndi browser yomwe imameza zilembo zoyamba

Ndagwiritsa ntchito browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) imodzi pa laputopu yanga kwa miyezi 8 tsopano, ndipo ikakhazikika ndilibe nayo dandaulo, chifukwa masamba amatseguka bwino ndipo sinandizimirepo ndili pakati pa ntchito. Vuto lake lili m'masekondi oyamba. Laputopuyi ili ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 4 GB, ndipo pa nthawi imene inali ndi hadi disiki yozungulira, browser inkatenga pafupifupi theka la mphindi kuti ikhazikike.

Kudikira kokhako ndikanapirira. Chimene chimandiwawa n'chakuti zenera limaonekera msanga, kamzere kophethira kosonyeza polemba kali kale m'kabokosi ka adiresi ngati kuti zonse zakonzeka, koma ndikakhala pakati pa mawu, tsamba loyamba limamaliza kutseguka n'kukoka kamzereko kupita nako m'kabokosi kake kofufuzira. Zilembo zina zimatsala pamwamba, zina zimagwera m'munsi, ndipo zina zimangosowa. Masamba ambiri ali ndi lamulo la autofocus lowauza kuti atenge kiyibodi akangotseguka, ndipo browser yanga imalimvera osaona kuti munthu wayamba kale kulemba. Ine ndinaphunzira kutaipa maso ali papepala, choncho ndimazindikira nditadina kale Enter.

Batire ya laputopuyi inafa kalekale, moti magetsi akathima nayonso imathima, ndipo akayaka browser imayamba kubwezeretsa matabu onse, kutanthauza masamba amene anali otsegula. Tsiku lina m'mwezi wachitatu, ndikulowa mu imelo magetsi atangobwera, tabu ina inalanda kiyibodi, ndipo pasiwedi yanga yonse inalembeka poyera m'kabokosi kofufuzira n'kutumizidwa. Ndinaisintha nthawi yomweyo, koma kuyambira tsikulo sindiionanso nkhaniyi ngati yaing'ono. Ndimaganiziranso anzathu osaona amene amadalira kiyibodi ndi pulogalamu yowawerengera, popeza iwo sangaponye diso n'kuona kumene kamzere kathawira.

M'mwezi wachisanu ndinaikamo SSD, chosungira zinthu chothamanga kuposa hadi disiki yozungulira, ndipo kudikira kunatsika kufika pa masekondi ochepa. Ndinachotsanso timapulogalamu towonjezera tiwiri timene sindinkatigwiritsa ntchito, ndipo ndinasintha kuti browser iziyamba ndi tsamba lopanda kanthu. Kusintha komalizaku n'kumene kunathandiza kwambiri, ngakhale kuti sikunadye ndalama iliyonse. Komabe vutolo langochepa, silinathe, ndipo ngakhale browser yadzikonza yokha kangapo m'miyezi imeneyi, limabwereranso nthawi iliyonse imene matabu ambiri akubwezeretsedwa.

Ndikupitiriza kuigwiritsa ntchito, koma amene ali ndi kompyuta yakale ndingamulangize kuti asamakhulupirire kamzere koyambako. Masiku ano ndimayembekeza kuti kachizindikiro kozungulira pa tabu kaime, kenako ndimadina Ctrl ndi L kuti kiyibodi ibwerere m'kabokosi ka adiresi, ndipo pasiwedi sindiilemba ndisanaone ndi maso kuti chilembo choyamba chasanduka kadontho.