Nyale ya 12V kapena ya IP65, swichi ya chingwe kapena ya panja: mu shawa muikemo chiyani?

Anzanga amene akumanga kapena kukonzanso bafa amandifunsa funso lomwelomweli: mu shawa ndiikemo nyale yanji, nanga swichi ikhale pati? Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndaona kuti kuli bwino ndingolemba zonse pamodzi. Za mawati ndi mtundu wa kuwala sindinenapo, aliyense akudziwa kale kuti LED imawala bwino ndipo sidya magetsi ambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi munthu wonyowa thupi lonse, wopanda nsapato, ataima pamadzi. Khungu louma limatchinga magetsi ndithu, koma likanyowa mphamvu yotchingayo, yomwe imayezedwa mu ohm, imatsika mpaka cha m'ma ohm 1,000. Pa 230V ndiye kuti m'thupi mungadutse magetsi opitirira 200 mA (mA ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa), pomwe 10 mA yokha imatha kuumitsa dzanja mpaka munthu kukanika kusiya chimene wagwira.

N'chifukwa chake malamulo a mawaya a padziko lonse a IEC 60364-7-701, komanso a ku Britain a BS 7671, amagawa bafa m'zigawo. Chigawo 0 ndi mkati mwa beseni losambiramo kapena thireyi ya shawa, momwe madzi amadikha. Chigawo 1 ndi pamwamba pake mpaka mamita 2.25 kuchokera pansi. Chigawo 2 chimapitirira masentimita 60 m'mbali. Ngati shawa yanu ilibe thireyi, madzi amangogwera pa matailosi, chigawo 1 chimafika mamita 1.2 kuchokera pomwe madzi amatulukira. Yezani kaye ndi tepi musanapite kogula chilichonse.

Holoda wamba wa babu, komanso nyale zija zongolembedwa pabokosi kuti sizilowa madzi koma zilibe nambala ya IP, yosonyeza mmene nyale imatchingira fumbi ndi madzi, sindikuziika n'komwe pa zomwe ndikuyerekeza pano. Zisiyeni pomwepo pa shelefu.

Pakati pa IP44 ndi IP65, nambala yachiwiri ndiyo ikunena za madzi. Ikakhala 4, nyaleyo imapirira madzi othovokera kuchokera mbali iliyonse. Ikakhala 5, imapirira ngakhale madzi opoperedwa ndi paipi. Malamulo amalola IP44 m'chigawo 1 ndi 2, koma ine pamwamba pa shawa penipeni ndimasankha IP65. Mwana akagwira shawa ya m'manja ija amaloza m'mwamba, ndipo wotsuka makoma nayenso amapopera mpaka ku siling'i. Ndinatsegulapo nyale ya IP44 yomwe inali pamwamba pa shawa ya madzi otentha: mkati mwa galasi munali timadontho, tizitsulo tomangira mawaya titasanduka tobiriwira, kamkombero ka labala kataphwa mbali imodzi. Pa galasi lodziyang'anira, kutali ndi madzi, IP44 ilibe vuto.

Tsopano nyale za 12V. Izi ndili nazo chakukhosi, ndipo sindibisa.

Wogulitsa anandiuza zoona kuti 12V ndiyo yosaopsa kwenikweni m'malo onyowa. Zimene sanandiuze ndi zomwe zinatsatira. M'bokosimo munali nyale zokha, thiransifoma yotsitsa 230V kukhala 12V inali yogula payokha. Nditagula, mmisiri wa magetsi anafika n'kunena kuti thiransifomayo singakhale paliponse, iyenera kukhala kunja kwa zigawo zonse zija, pouma, popita mphepo, komanso poti munthu angafikepo ikafa. Siling'i yanga inalibe polowera. Panafunika kalipentala woti aboole, apange kachitseko, kenako penti. Malo abwino atapezeka anali patali ndi shawa, ndipo magetsi a 12V amafooka msanga akayenda mtunda, ndiye panafunikanso waya wonenepa kuposa amene anali atagulidwa kale. Chilichonse mwa izi chinali ndi mtengo wake, ndipo palibe chimene chinalembedwa pabokosi.

Tsiku loyatsa, nyale zija zinayamba kuphethira ngati ziphaniphani. Mmisiri anatsitsa thiransifoma n'kundionetsa timalemba tating'ono m'mbali mwake: 20W mpaka 60W. Inali yopangidwira mababu akale a halogen, ndipo mtundu umenewu sugwira bwino ntchito ngati katundu wake sakufika pa mawati otsikitsitsa olembedwawo. Mababu anga atatu a LED, lililonse la 5W, ankangokwana 15W. Wogulitsa ankadziwa bwino kuti mababu ndi a LED chifukwa zonse anandigulitsa yekha pa kauntala imodzi, koma nditabweza anakana kulandira, ati mawaya ake adulidwa kale. Ndinagulanso ina yopangidwira LED, n'kulipiranso mmisiri kuti akwere. Ndalama zinandipweteka, koma chinandiwawa koposa n'chakuti munthu amene ankayenera kundichenjeza anangokhala chete.

Chakukhosicho chisandinamizitse. Ngati mukufuna kuwala m'munsi, mkati mwa beseni kapena pansi pa shawa momwe madzi amadikha, palibenso njira ina: m'chigawo 0 mumaloledwa magetsi otsika okha ngati a 12V, ndipo nyaleyo ikhale ya IP67, yopirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Thiransifoma yake ikhale yolembedwa SELV, kutanthauza kuti mbali ya 12V ndi yolekanitsidwa kotheratu ndi ya 230V. Si kabokosi kalikonse kotulutsa 12V komwe kali choncho. Musasokonezenso mababu: MR16, la timiyendo tiwiri tosongoka, ndi la 12V, pomwe GU10, la timiyendo ta mitu tomwe mumapotoza polowetsa, limalandira magetsi a m'nyumba mwachindunji.

Koma ambiri amene amandifunsa safuna zonsezo, amangofuna kuona bwino posamba. Amenewa ndimawauza kuti aike nyale ya LED ya IP65 ku siling'i, ya 230V, yomwe wopanga wake walemba kuti ndi yoyenera m'chigawo 1, makamaka yotheka kusintha babu osachotsa nyale yonse. Ikakhala yachitsulo, waya wa efi, wopititsa pansi magetsi othawa, amangidwe ndithu. Ikakhala ndi chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kanzake, ndiye kuti ndi yotchingidwa kawiri ndipo sifuna efi.

Malangizo amenewa ali ndi lamulo limodzi lomwe sindinyengerera: mzere wa magetsi a m'bafa udutse pa RCD ya 30 mA, kachipangizo ka pa bolodi kodula magetsi akamathawa. Anthu ambiri amaloza buleka pa bolodi n'kumati ndi otetezeka. Buleka ya 6A ija ntchito yake ndi kuteteza mawaya kuti asapse, ndipo 6A ndi 6,000 mA. Munthu akhoza kufa iyo ili chiimire. RCD imayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ikaona kuti ena akuthawira kwina, kaya m'madzi kaya m'thupi la munthu, imadula sekondi isanathe. Ngati bolodi yanu ilibe RCD ndipo simungathe kuiika panopa, pamenepo ndimameza chakukhosi changa n'kunena kuti pitani ku 12V.

Za maswichi. Swichi wamba ya pakhoma siloledwa m'zigawo zitatu zija, ndipo ngakhale kunja kwake m'bafa laling'ono ine sindiifuna, chifukwa nthunzi imatsetsereka pakhoma n'kulowa kuseri kwa chivundikiro, kenako pamabwera chala chonyowa. Swichi ya panja pa chitseko ndiyo ndimaikonda: mumayatsa musanalowe, manja ali ouma, ndipo mawaya ake sakumana ndi nthunzi. Vuto lake ndi lakuti wina wodutsa akhoza kukuzimitsirani muli mkati. Limenelo ndi vuto lotha ndi kukambirana.

Swichi ya chingwe ndi yachiwiri kwa ine, ndipo ndi yabwino. Thupi lake limakhala ku siling'i, kunja kwa zigawo, chingwe chokha n'chimene chimalendewera, ndipo chingwecho sichidutsa magetsi. Chimada msanga, komanso kasipuling'i ka mkati kamatopa ndi anthu okoka mwamphamvu. Chikaduka, gulani chingwe china cha mtundu womwewo. Ndinaonapo wina atalumikiza ndi kawaya ka kopa, ndipo ndinachita mantha, chifukwa pamenepo chitetezo chonse chatha.

Sensa yoyatsa yokha ikaona munthu imakopa chifukwa palibe chogwira. Koma sensa ya PIR imamva kutentha kwa thupi likamayenda, ndipo kutenthako sikudutsa galasi. Mukalowa mu shawa ya chitseko cha galasi, sensa ili kunja, imaona ngati m'bafa mulibe munthu n'kuzimitsa, inu sopo ali kumaso, pansi pali poterera. Kwa okalamba ndi ana imeneyi ndi ngozi ya kugwa. Ngati mwaikonda, ikhale poti ikuona mkati mwa shawa, ikhale ndi IP yoyenera malowo, ndipo nthawi yozimira muitalikitse. Maswichi opanda waya oyendera kabatire alibe 230V pomwe mukugwirapo, koma kabokosi kake kolandira uthenga kamafunanso malo ouma ku siling'i, nkhani yomwe ija ya thiransifoma.

Ntchito yonseyi agwire ndi mmisiri wa magetsi wovomerezeka, wokhala ndi zida zoyezera efi komanso nthawi yomwe RCD imatenga kuti idule. Musanamulipire ndalama yomaliza, yatsani nyale ya mu shawa, pitani naye pa bolodi, mudine kabatani kolembedwa T pa RCD. Nyaleyo izime pomwepo. RCD ikagwa koma nyale ya mu shawa n'kukhalabe ikuyaka, ndiye kuti mzere wake sunadutse pamenepo, ndipo asachoke asanausamutse.