Amuna kapena akazi anu ali ndi dzina lodetsedwa ku CRB: mutenge nkhongole muli awiri kapena nokha?

Ukwati suphatikiza mbiri ya nkhongole. Ku CRB, bungwe losunga mbiri ya nkhongole za anthu, lomwe kuno ku Zambia amayendetsa a TransUnion, aliyense ali ndi mbiri yake pa nambala ya NRC yake. Nkhongole yomwe bambo anasiya osamaliza asanakwatire siyimata pa dzina la mayi. Imadzamata pokhapokha mwasainira pepala limodzi.

Kutenga muli awiri kumakopa chifukwa banki imawerenga malipiro onse awiri, ndalama nkukwera. Koma imafufuzanso mayina onse awiri, ndipo dzina lodetsedwalo ndilo limalamula: akukanizani, kapena akupatsani zochepa. Choluma kwambiri chili m'timalemba ting'onoting'ono ta pangano. Aliyense wa inu amayankha pa nkhongole yonse, osati theka. Mnzanu akadumpha miyezi itatu, banki sifunsa kuti ndani anagula feteleza ndi ndani anamwera ndalamazo ku Kapata. Ibwera kwa amene payslip yake ikuyenda, ndipo mbiri yanu yoyera ija idetsedwa limodzi. Ngakhale ukwati utatha, siginecha yanu sichoka.

Kusainira mnzanu ngati guarantor, kutanthauza wolonjeza kulipira iye akalephera, ndi msampha womwewo, kungoti apa ndalama simuigwira n'komwe.

Kutenga pa dzina la mmodzi, amene mbiri yake ili bwino, ndiye njira imene ndingasankhe. Ndalama imachepa, inde. Kwa mphunzitsi kapena nesi wodulidwa kudzera ku PMEC, komwe kumakonzedwa malipiro a ogwira ntchito m'boma, ayenera kutsala ndi 40 peresenti ya basic. Ngati basic ndi K6,000, K2,400 iyenera kufika m'manja zodula zonse zitachoka, msonkho ndi penshoni zomwe. Chenjerani ndi chikole: nyumba ikakhala ndi title deed ya mayina awiri, onse musainira ndithu. Munda wopatsidwa ndi amfumu kwa Mpezeni ulibe title, banki siutenga.

Village banking sayang'ana CRB, amayang'ana nkhope ndi ndalama zomwe mwasonkha. Imathandiza pa fizi kapena mbewu, osati kumangira nyumba. Za kaloba musaganize n'komwe.

Musanapite ku banki, aliyense apemphe lipoti lake ku CRB. Ngati nkhongole yakaleyo inalipidwa koma ikuonekabe, katengeni kalata yotsimikiza kwa amene anakubwereketsani, muipereke ku CRB kuti akonze, kenako mukapemphe nkhongole yatsopano.